Mpata wa Khalidwe pa Fomu ya Nathaniel

Chipyela,
Likoma.
11 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Oswald,

Landirani moni wochokera kuno kwanu, kumene kuli mchombo wanu. Muli bwanji inu ndi alamu anga Anne, pamodzi ndi ana onse? Kuthamanga kwa magazi kwa alamu kuja kukutsika? Kuno tilipo. Mwera wa chaka chino watilowa m'mafupa, ndipo bondo langa lija layambanso kudandaula, koma ndikuyenda. Usipa wavuta, chinangwa ndiye chilipo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pamene foni muli nayo. Foni yanuyo nthawi zambiri amayankha ndi alamu, ndipo mukayankha nokha mumandiseketsa mpaka mayunitsi kutha ndisananene chimene ndaimbira. Kalatayi ndapatsira Cathy, namwino wa kuno amene akubwera ku Mzuzu kumaphunziro. Ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu kuntchito, osati kunyumba. Muiwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya mwana wanu Nathaniel. Mukudziwa kuti zaka zinayi zimene wakhala ndi ine kuno, mtima wake wonse uli pa unsembe. Mayeso olemba anakhoza. Chatsala ndi fomu ya umboni, yodzaza munthu amene wamudziwa nthawi yaitali, ndipo iyenera kuchoka pachilumba pano ndi sitima ya pa 24. Ikaphonya sitima imeneyo, malo ake kusukulu ya ansembe apatsa wina.

Ansembe athu anabweretsa fomuyo kwa ine. Ndinawakumbutsa kuti ndine azakhali ake a mwanayo. Anati akudziwa, koma ndinenso amene ndinamuphunzitsa Sitandade 7 ndi 8 pamene ankakhala ndi malemu amayi, komanso ati chilumba chonse chimadziwa kuti Mayi Marian sangalembe bodza ngakhale atawalonjeza bondo latsopano. Ndinaseka, n'kulandira.

Fomuyo ndi yachizungu. Pamunsi pake pali mipata iwiri, wina analemba kuti personality, wina character. Ansembe athuwa ndi achinyamata, anachokera kumtunda, ndipo ndi munthu wabwino koma wa phuma. Anati ndisavutike, mawu awiriwa tanthauzo lake ndi limodzi, onse ndi khalidwe, ndingolemba kuti ndi mnyamata wabwino konsekonse basi.

Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zitatu, achimwene, sindikanalola zimenezo zidutse pakhonde panga. Ndinawauza kuti personality ndi mmene munthu amakomera kapena kuwawira pagulu, nsangala zake, kaseko kake, kayankhulidwe kake, zimene umaziona tsiku loyamba akungotsika m'boti. Character ndi zimene amachita atamusungitsa katundu wa mnzake panjira yopanda anthu. Choyambacho mwana amangobadwa nacho, chinacho amachiumba yekha pang'onopang'ono. Ndinawauzanso kuti kukhoti munthu akalakwa safunsa ngati amaseketsa anthu, amafunsa za character yake. Ifenso tikati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, timakhala tikusiyanitsa zomwezo, kungoti mawu oti khalidwe timawasenzetsa katundu yense.

Ansembe anaseka, n'kunena kuti aphunzitsi sapuma, choko chimangosamukira pakamwa. Koma asanachoke anatsitsa mawu. Anati pali zimene amva zochokera ku Yofu, ndipo popeza iwo ndi obwera sadziwa zoti akhulupirire, adzayendera zimene ine ndilembe.

Mpata woyamba uja ndinadzaza m'mphindi zisanu. Ndinalemba zoona. Nathaniel ndi wofatsa mopitirira, pagulu amakhala kumapeto kwa benchi, akafulumira kuyankhula amachita chibwibwi, ndipo akaimba nyimbo m'tchalitchi oyandikana naye amasuntha. Apa sanatengere inu ngakhale pang'ono. Inu mukalowa pamaliro, ofedwa omwe amayamba kumwetulira. Ndiye mukuona kuti mpata woyambawo sungamuthandize mwana wanu. Chomutengera kusukulu ija ndi mpata wachiwiri wokha, ndipo lero ndi sabata yachitatu uli wosalemba.

Za ku Yofuzo ndi izi. Mukumukumbuka Tinyade, mwana wa malemu a Symon msodzi uja, amene amagulitsa mandasi pamsika? Ndi mmodzi mwa amene anatithandiza kuphika pa chiliza cha amayi chaka chatha. Mu Juni anabereka mwana wamwamuna. Sali pabanja, ndipo bambo wa mwanayo sanamutchule. Azakhali ake amukalipira, amayi a mpingo amunyengerera, iye kukamwa kuli tseke.

Kuyambira pamene mimba inaonekera, Nathaniel Loweruka lililonse amanyamuka m'mawa kulowera njira ya ku Yofu. Ine ankandiuza kuti akukathandiza munthu. Sindinafunse kuti ndani, pakuti mwanayu kuthandiza anthu ndiye matenda ake. Ndinayamba kudabwa nditaona kuti ndikafika pamsika azimayi akudula nkhani pakati. Tsiku lina Samantha wogulitsa tomato uja, amene pakamwa pake palibe chitseko, anandifunsa mokweza kuti bwanji ndalandira chidzukulu osawaitana kudzaona. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe. Tomato ndinamusiya pomwepo.

Tsopano ndiulule tchimo langa loyamba. Loweruka lotsatira ndinamulondola. Inde, ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, ndi bondo langali, kumabisala kuseri kwa milambe ngati wakuba nkhuku. Dzuwa lili phwee, anthu akundipatsa moni, ine n'kumanama kuti ndikukaona wodwala.

Ndinamupeza ali padenga la nyumba ya Tinyade akufolera udzu. Atatsika anawaza nkhuni. M'nyumba sanalowe. Tinyade anamubweretsera madzi, n'kugwada patali, n'kumuyankhula mwaulemu ngati mlendo wochokera ku boma. Ine ndakhala ndi ana a Sitandade 8 zaka zambiri, maso a anthu awiri amene akubisa chibwenzi ndimawadziwa ngakhale atakhala wina kutsogolo wina kumbuyo kwa kalasi. Awa sanali otero. Komabe ndinadziuza kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo wolakwa wochenjera amadziwanso kukhala patali.

Madzulo ake ndinamukhazika pansi. Ndinamufunsa mosapsatira ngati mwana wa Tinyade ndi wake. Anandiyang'ana m'maso, wopanda chibwibwi, n'kunena kuti si wake. Ndinati nanga ukukatani kumeneko, anthu akutinena chonchi? Anati wina ayenera kumapitako. Ndinati wina wake ndani, iweyo ndiwe boma? Ndinamuuza kuti fomu ili patebulo ndipo ansembe amva kale. Iye anati, azakhali, inu lembani zimene mukudziwa.

Ndinapsa mtima, achimwene. Ndinaganiza kuti uku ndiye kudzikuza kwa anthu ofatsa, kuchimwa mwakachetechete kenako kumayenda ngati oyera. Ndinatenga cholembera kuti ndilembe kuti sindingamuchitire umboni. Mawu amenewo pafomu yotere amapha munthu osatuluka magazi, ndipo ndikuwadziwa bwino. Chinandiletsa ndi chakuti nanenso sindinkadziwa kanthu. Ndinkangokayika.

Ndiye ndinati ndikadzionere ndekha. Lachiwiri ndinanyamula sopo ndi kaufa, n'kupita kukaona mwana monga timachitira. Tinyade atandiona anachita ngati waona njoka, koma anayala mphasa. Anandipatsa mwana ali wofunditsidwa mpaka m'khosi ngakhale kunja kunali kutafunda. Ine ana ndimawadziwa, ndinangomugwedeza pang'ono, kadzanja kanatuluka kokha.

M'mbali mwa kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere muli kachipsera, paja pamene amamanga ulusi mwana akabadwa ndi chala chachisanu ndi chimodzi. Malemu bambo athu anali nako. Inu muli nako, dzanja lomwelo. Ine ndilibe, ndipo Nathaniel alibe, ndinamusambitsa ndekha ali khanda.

Ndinadziuza kuti zimenezi zimatha kudumpha mwana n'kukatulukira kwa mdzukulu, ndipo n'zoona zimatero. Mtima wanga unabwereranso kwa Nathaniel. Ndinati basi, ndamugwira.

Kenako mwana analira. Tinyade anamutenga, n'kuyamba kumuimbira motsitsa mawu, osaganiza n'komwe. Achimwene, inali nyimbo ija ya mbuzi ya a Jacob imene inadya buku la nyimbo. Nyimbo imene munapeka inu muli mnyamata, imene amayi anakukwapulirani chifukwa a Jacob anadzadandaula kunyumba. Pachilumba pano amene ankaidziwa anatha kupita kumanda, ndatsala ine. Nathaniel sindinamumvepo akuiimba, ndipo atati aimbe palibe angaitole kuti ndi nyimbo. Tinyade ankaiimba bwinobwino, mpaka paja mumakweza mawu ngati mbuzi.

Ndinamufunsa kuti anaiphunzira kuti. Anaidula pakati. Anati waiwala.

Pobwerera ndinakhala pamwala panjira, n'kuyamba kuwerenga miyezi ndi zala. Chiliza cha amayi chinali mu Sepitembala. Munabwera kudzakhala sabata imodzi, munakhala zitatu. Munatiuza kuti sitima yakusiyani kawiri, ndipo tonse tinaseka, chifukwa mmene munkafotokozera, ngakhale kapitawo wa sitimayo akanapepesa.

Ndinatsikira kudoko kukapeza a Mclean, aja amakweza anthu m'boti kuwapititsa kusitima. Ndinafunsa mochenjera, ngati ndikungocheza za chaka chatha. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati sitima siisiya munthu amene sanafike pamchenga, ndipo masiku awiri onsewo inu sanakuoneni. Anawonjezera kuti a Oswald masiku amenewo anakonda usipa wa ku Yofu kuposa wa pamsika. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka, n'kuyamba kukonza chingwe chimene chinalibe vuto.

Pamenepo ndinakumbukanso china. Tsiku la sitima yachitatu, katundu wanu ali womangamanga koma inu osaoneka, ndinatuma Nathaniel kuti akakufuneni. Anabwera nanu, inu mukuimba mluzu, iye ali kumbuyo nkhope ili pansi. Masiku awiri sanadye. Ine ndi nzeru zanga zauphunzitsi ndinamugulira mankhwala a malungo.

Tsopano ulemu ndiuika pambali, ndiyankhule nawe monga amene ndinakubereka kumsana amayi ali kumunda. Iwe Oswald, mwana uja ndi wako?

Mwina ndalakwa. Nkhalamba yokhala yokha imaona zambiri zimene palibe. Chala chimadumpha mibadwo, nyimbo imayenda ndi mphepo, a Mclean amakonda nkhani. Chilichonse pachokha ndi chopepuka. Koma ndikaziika pamodzi zikundilemera. Ngati ndakunamizira, undilembere ndi dzanja lako kuti Marian wapenga, ndidzagwada pamaso pako. Usandiimbire foni. Pafoni udzandiseketsa, ndipo ndidzakukhulupirira monga ndakhala ndikuchitira moyo wanga wonse.

Limenelo ndiye tchimo langa lachiwiri, ndipo ndi lakale. Pamene unkafuna ntchito yako yoyamba kumtunda, ndine amene ndinalemba kalata ya umboni wako, ahedi athu n'kungosayina. Ndinkadziwa kuti wasiya mtsikana ku Khuyu amene unamulonjeza ukwati, akudikira sitima iliyonse. Ndinalemba kuti ndiwe wansangala, wochezeka, wokondedwa ndi aliyense, zonse zoona. Nditafika pa khalidwe ndinalemba kuti ndiwe wokhulupirika. Mawu awiri aja ndinkadziwa kusiyana kwake kuyambira kale, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndilo bodza lokhalo limene ndinalembapo pa pepala la umboni, ndipo ansembe akamanditamanda kuti sindinama, ine ndimakumbukira kalata imeneyo.

Ndimakukonda, Oswald, usaganize kuti ndasiya. Palibe munthu amene anandiseketsapo ngati iwe. Amuna anga atamwalira unakhala nane mwezi wathunthu, ndipo ndiwe amene unandibwezera kuseka. Zimenezo sindiiwala. Koma ndakwiya nawe, ndipo ndikuchita mantha ndi zimene zachitika dzulo.

Dzulo masana Nathaniel anapeza fomu patebulo. Anaona mpata uja uli mbee. Sanadandaule. Anati ndisavutike nayo, sukulu ija aisiya. Anati waganiza zotumiza ankhoswe ku Yofu, akamufunsire Tinyade, kuti mwana asakule wopanda dzina la bambo komanso kuti anthu asiye kumunena mayi wake. Anandipempha kuti ndiwauze amalume ake ayambe kukonzekera.

Ndinamuuza kuti ngati zili mmene ndikuganizira, zimenezo ndi malaulo, dziko silinaonepo. Anandifunsa modekha kuti ndikuganiza chiyani, popeza iye sananene kanthu. Ndinatchula dzina lako. Chibwibwi chinamugwira. Mawu atatuluka, sanavomere ndipo sanakane. Anangoti amayi ake ndi odwala, mtima wawo sungapirire nkhani zina, ndipo iye anaphunzira kuti uzilemekeza atate ako ndi amako. Kenako anatuluka kukatunga madzi.

Ndinatsala ndikulira ngati mwana. Mwana amene ndinamulondola kuseri kwa milambe, amene ndinatsala pang'ono kumupha ndi cholembera, ndi ameneyo.

Mwina ukuti nanga bwanji osangolemba kuti ndi wabwino, nkhani ithe. Ndikanakonda. Koma ansembe adzandifunsa za ku Yofu, ndipo ndilibe chowayankha. Tinyade satchula, Nathaniel satchula. Chimene ndili nacho ine ndi kachipsera, nyimbo ya mbuzi, ndi kuseka kwa a Mclean. Sindinalembe zoipa za mwana wako pongokayika, ndipo sindingatchule iwe kwa ansembe pongokayika. Amene akudziwa ndipo angathe kunena watsala ndi mmodzi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pali sitima yochokera ku Nkhata Bay isanafike ya pa 24. Ukwere. Ukalephera, lembera ansembe mizere iwiri yokha ndi dzanja lako, Cathy abweretsa. Ndipo Anne amve kwa iwe, asadzamve pamsika kwa Samantha wa kwanuko. Ndikudziwa kuti udzati ukuopa matenda ake. Anne ndi mkazi wolimba kuposa mmene iwe ndi mwana wako mukuganizira, wakhala nawe zaka makumi atatu, ndipo sindikhulupirira kuti zonse zinkamudutsa. Chimene sangapirire ndi kudzazindikira patapita zaka kuti mdzukulu amene wakhala akumunyamula ndi mwana wa mwamuna wake.

Mwana wa ku Yofu uja alibe mlandu. Ngati ndi wako, ndi magazi athu, ndipo ine ndidzamulandira pakhomo pano masana dzuwa likuswa mtengo. Tinyade nayenso ndi mwana wa munthu, analibe bambo womuteteza, ndipo iwe ndi msinkhu wa bambo ake. Zimenezo tidzakambirana ukabwera, ndipo usayembekeze kuti ndidzakusekerera.

Ukakhala chete, fomu ipita ndi mpata wosalemba, ndipo oiwerenga amadziwa tanthauzo la mpata wotere. Nathaniel sadzakhala wansembe. Ankhoswe adzapita ku Yofu, ukwati adzaulengeza katatu m'tchalitchi, ndipo pofunsa ngati pali wodziwa choletsa, ine ndidzakhala pabenchi langa ndikuyang'ana kuchitseko ngati ulowe. Ukapanda kulowa, mwana wako adzalera mng'ono wake n'kumamutchula kuti mwanangu mpaka imfa. Iwe udzabwera tsiku la ukwati ndi suti yako yotuwa ija, ndipo ndikukudziwa, udzavina kuposa aliyense.

Mulungu akusunge, akupatse mtima wokwera sitima. Upereke moni kwa ana onse, makamaka Alick ndi mkazi wake. Kwa alamu anga Anne uwauze kuti ndimawapempherera tsiku lililonse, ndipo powauza uwayang'ane kumaso. Nathaniel sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, koma m'mawa uno atamva kuti Cathy akupita ku Mzuzu anati akawapatse moni bambo.

Ndine mlongo wako,
Marian